Kamera Yotuluka M'mphako ya Mango

Ntchito yanga ndi yojambula anthu zithunzi za pa bilyete, chiphaso cha boma, kuseri kwa msika wa pa vila ya Milange, tauni yathu. Ndili ndi kamera ya masiku ano, nsalu yoyera yopachika pakhoma ndi benchi limodzi. Anthu amadziwa kuti ndine mwana wa wojambula, choncho akatola chinthu chilichonse chokhala ndi galasi kutsogolo amabwera nacho kwa ine kuti ndiwauze ngati chili ndi ntchito. Nthawi zambiri chimakhala chakufa kale.

Chaka chathachi, m'nyengo ya chiperoni, mayi anga ang'ono a ku Mongue anandiimbira pa foni ya mnansi wawo. Iwowa ndi akazi a bambo anga ang'ono, amene anasowa nthawi ya nkhondo. Anati munthu wina wotentha makala wagwetsa mtengo wa mango wa pabwinja pathu, ndipo m'mphako mwake wapezamo chitini chokhala ndi kamera. Ankafuna ndipite ndikaione, ndikawauze ngati ili ya amuna awo. Ikakhala yawo, anati, akauza akuluakulu a mpingo kuti aiike m'manda m'malo mwa mwini wake, nawonso apume.

Bambo anga ndi mng'ono wawoyo onse anali ojambula nkhondo isanafike kwathu. Ankayenda panjinga, kujambula maukwati, ana obatizidwa ndi anthu othyola tiyi. Makamera awo anagula pa loja, sitolo imodzi, ndipo anali a kampani imodzi: timabokosi takuda toimirira, ta maso awiri, lina pamwamba lina pansi. Wojambula ankaikoleka m'khosi, n'kuigwirira pamimba, n'kutsegula kachivindikiro ka pamwamba, n'kumayang'ana pansi ngati akusuzumira m'chitsime. Diso lapamwamba ndi limene linkamuonetsa munthu pagalasi, lapansi ndi limene linkajambula.

Kwa munthu wongoona patali, makamera awiriwo anali amodzi. Koma ife a m'nyumba tinkawasiyanitsa ngakhale ndi manja okha. Ya bambo anga inali yakale. Filimu ankaiyendetsa popotokola kachitsulo kobulungira ngati chitsekerero cha botolo, ndipo kumbuyo kwake kunali kawindo kofiira komwe ankasuzumirapo kuti aone ngati filimu yafika pamalo. Dzina la kampani linali lozokotedwa pachitsulo. Ya bambo ang'ono inali yotuluka pambuyo pake. Inali ndi kamkono kopinda kopukusira filimu, inalibe kawindo kofiira, ndipo pamwamba pa maso panali kagalasi ka timabowo ngati chisa cha njuchi, koyezera kuwala. Bambo ang'ono ankanyadira kamkonoko, ndipo ankawaseka akulu awo kuti akupotokola ngati munthu wotsegula mankhwala a chifuwa.

Nkhondo itavuta tinawoloka mtsinje wa Ruo, kukakhala pa kampu ya othawa nkhondo. Bambo ang'ono anatsalira, ati akatenge mbuzi, atipeza. Sanatipeze. Patapita miyezi, munthu wina wa kwathu anafika pa kampu n'kunena kuti anawaona ndi maso ake atagona m'mbali mwa msewu wa ku Majaua. Mtembo palibe anauika. Mayi ang'ono anali atatsata abale awo ku kampu ina yakutali, ndipo uthengawo unakawapeza komweko.

Pa kampu panalibe filimu, koma bambo anga ankakhalabe ndi kamera yawo m'khosi, kumangoyang'ana anthu pagalasi. Lamba wake atadukaduka, ine ndinawalukira wina ndi ulusi wosomola pathumba la ufa wa chithandizo, n'kusakanizamo ulusi wobiriwira wa juzi yakutha ya mayi. Ndinali kamtsikana kongoyamba kumera mawere. Bambo anamwalira konko ndi chifuwa. Anansi ankaiopa kamerayo, ankati diso lapamwambalo limasankha amene atsatire. Choncho mayi anaikulunga m'chitenje n'kuiika m'manda pamodzi ndi bambo.

Ndinawauza mayi za foni ija. Amakhala ndi ine pa vila, ndipo miyendo imawavuta, koma anati apita nawo. Tinakwera shapa, minibasi ya kwathu kuno, m'mawa, phiri la Tumbine lisakuoneka ndi nkhungu, ndipo chigawo chotsala tinakwezedwa panjinga. Njira yonse mayi anali atafunda chitenje kumutu.

Tinawapeza mayi ang'ono pakhonde akusola nyemba. Atatilonjera analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitini cha mabisiketi chodyeka ndi dzimbiri, pansi pake pobooka. Anachiika pamphasa patsogolo panga, iwo n'kukakhala chapatali.

Kamerayo sinali monga ndinkayembekezera. Chinthu chokhala m'mphako zaka zonsezo chimayenera kukhala chodzaza chuku, chikopa chake chitadyedwa ndi chiswe. Iyi inali ndi fumbi chabe. Nditaipukuta ndi nsonga ya chitenje, maso onse awiri anawala. Ndinaitembenuza kuti ndione mbali ya kumanja, pofunafuna kamkono kopukusira. Kanalibepo. Panali kachitsulo kobulungira. Kumbuyo kunali kawindo kofiira. Pamwamba pa maso panalibe kagalasi ka timabowo, panali dzina lozokota lija basi.

Ndinadziuza kuti makamera a mtundu umenewu anapangidwa ambiri, ndipo loja ija siinagulitse imodzi yokha. Kenako ndinakoka lamba amene anali atapindidwa pansi pa chitini. Anali wa ulusi wa thumba, wolukidwa patatu, ulusi wobiriwira ukuyenda pakati. Chakumapeto kwake panali mfundo yonenepa pamene ndinalakwitsa poluka, bambo n'kundiuza kuti ndisamasule, zili bwino choncho.

Posowa chochita, ndinatsegula kachivindikiro n'kuyang'ana pagalasi, kamera italoza kubwalo. Makamera amenewa amaonetsa zinthu motembenuza, za kumanja zimakhala kumanzere. Ndinaona nkhokwe, ndinaona nthochi zikudontha madzi, ndipo pakanjira kopita kubwinja ndinaona ngati munthu wofunda bulangeti waima. Nditadzutsa mutu ndinayang'ana mbali yolakwika, monga amachitira aliyense wosazolowera. Pamene ndinkatembenukira mbali yoyenera, panali nkhungu yokhayokha ikuyenda pakati pa chinangwa. Mwina linali banga la pagalasi. Sindinayang'anemonso.

Mayi ang'ono anandifunsa kuti ndaona chiyani. Ndinawauza zoona: kuti kamerayi si ya amuna awo, chifukwa yawo inali ya kamkono, ndipo iyi ndi ya bambo anga, imene tinaikwirira kutsidya kwa Ruo. Ndinawaonetsa kachitsulo, kawindo kofiira ndi lamba. Iwo anangoyang'ana, osagwira.

Apo m'pamene mayi anayankhula, maso ali pamphasa.

"Imene ndinakulunga ine inali ya kamkono," anatero. "Kanakola m'chitenje, ndinachita kukapinda ndi chala."

Ndinawakumbutsa kuti bambo anali ndi yopotokola mpaka tsiku lomaliza, ndipo ineyo ndinkasewera ndi kawindo kofiirako iwo ali chigonere. Mayi anavomera kuti zinali choncho. Kenako anafotokoza zimene ine sindinazione, poti tsiku la malirolo ana anatipititsa kwa anansi. Anati masana, anthu atadzaza pakhomo, panafika mwamuna wina atafunda bulangeti mpaka kumutu, ngakhale kunali dzuwa. Sanapereke moni kwa aliyense. Analowa m'kanyumba momwe munali mtembo, anagwada kumutu kumene kamera inali, anakhala pang'ono, n'kutuluka. Pa kampu maliro ankabwera anthu ambiri osadziwika, choncho palibe anamufunsa. Mayi anangomuona kumsana akupita cha kumtsinje, ndipo mayendedwe ake, kotsimphina pang'ono mwendo wamanzere, anali a alamu awo. Nthawi imeneyo n'kuti uthenga wa pamsewu wa ku Majaua utafika kalekale.

"Ndinakuuzani chaka chimene tinabwerera, achemwali," mayi anatero. "Munati chisoni chinandisokoneza mutu."

"Ndinatero," anayankha mayi ang'ono.

Kamvula kankawaza padenga la udzu. Nkhuku inabwera kudzajompha nyemba palichero, ndipo palibe anaiingitsa. Kenako mayi ang'ono anandifunsa ngati mkati muli filimu. Ndinasuzumira pakawindo kofiira, ndipo munali mdima wokhawokha. Nditatsegula chitseko cha kumbuyo, munali mopanda kanthu, moyera ngati mwapukutidwa dzulo.

Masana tinapita kubwinja, ine ndi mayi ang'ono. Mtengo unali utadulidwadulidwa kale, ndipo wamakala uja anatisonyeza chigawo chimene munali mphako. Anati inali pamwamba, poti munthu sangafike popanda kukwera, ndipo khungwa linali litatsala pang'ono kuitseka. Iyeyo anabwera m'deralo mtendere utabwera kale, sankadziwa kuti pamalopo panali nyumba ya yani. Anatipempha kuti tisamutchule pankhaniyi, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti makala a mtengo umenewo sanawagulitse, anangowasiya pa uvuni.

Pobwerera, mayi ang'ono anayenda patsogolo, osatembenuka. Tili pafupi kufika anati sakauzanso akuluakulu a mpingo. Sangaike m'manda chinthu cha munthu wina m'dzina la amuna awo, komanso sangalire maliro a munthu amene anawoloka mtsinje ndi miyendo yake anthu atanena kale kuti wafa.

"Ngati anali wamoyo, bwanji sanandifunefune?" anafunsa, koma sankafunsa ine. "Ndipo ngati sanali wamoyo, mtengowo anakwera bwanji?"

Kamerayo mayi ang'ono anakana kuisunga. Anati ndi ya bambo anga, ndiitenge. Mayi nawo anakana kuti ilowe m'nyumba yomwe amagona, choncho ili kuntchito kwanga, m'kabati ya pansi, yokulungidwa m'thumba la pulasitiki. Mnyamata wina wa ku Quelimane wokonda zinthu zakale anamva za iyo n'kubwera kudzaiona. Anaitembenuzatembenuza, n'kunena kuti mtundu wa kawindo kofiirawu ndi wosowa kuposa wa kamkono, ndipo akhoza kundipezera filimu yake. Ndinamuthokoza, n'kumuuza kuti asavutike.

Mayi ang'ono akadali ku Mongue. Nditapitako nthawi yokolola chimanga ndinapeza atalemba anthu aganyu kuti alambule kanjira ka kubwinja, kuchokera pachitsa cha mango mpaka pakhomo pawo. Ndi kanjira kopita kumalo komwe kulibe munda, kulibe chitsime, kulibe nyumba. Sindinawafunse chifukwa chake. Anandipatsa nyemba ndi nthochi zoti ndikawapatse mayi, n'kundiperekeza mpaka pamsewu.