Ng'ala ya Minibasi ya Maliro

Ntchito yolembedwa ndinaiyamba mutu utayera kale, zidzukulu zitadzaza khonde. Anzanga akupuma, ine ndiye ndikuyamba, ndipo ndinayamba ndi nyimbo, poti ine chichokere utsikana wanga ku Kasungu, manja akamagwira pakamwa sipakhala chete. Bambo akunyumba atatisiya, ndinkachoka kwathu ku Geisha, kuno ku Mzuzu, m'mawa ndi beseni la zitumbuwa, n'kukakhala ku Chibanja pafupi ndi malo otsukira galimoto a Che Jafali, Myao wa ku Mangochi, munthu wa ndevu zambiri ndi mawu ochepa.

Chaka chimenecho n'kuti atangondichotsa ng'ala ku diso lamanjali. Ee, dziko linabwerera, masamba kukhalanso masamba, nkhope kukhalanso nkhope. Ndiye tsiku lina kunabwera kagalimoto, nyali zake zakutsogolo zachikasu, zotuwa ngati diso langa lakale lija. Ndinangoti kamwanaka kali ndi ng'ala. Che Jafali anaseka mpaka kugwira mpanda. Atatha kuseka anadandaula kuti anyamata ake ntchito ya nyali saitha, amathamanga nayo, amasiya mizere. Anayang'ana manja angawa, manja okwecha mapoto ndi mchenga moyo wonse, n'kundipatsa nyali yakale yothyoka kuti ndiyeserepo. Beseni ndinamusiyira mpongozi wanga.

Choyamba chimene anandiphunzitsa ndi kupima matenda. Nyali za masiku ano timangoti galasi, koma ndi pulasitiki, ndipo dzuwa limaidya pang'onopang'ono. Umatsuka ndi sopo, umapukuta, ndiye umayendetsapo chala. Pakakhala pokhakhala, pachikasu, ng'ala ili kunja, imeneyo ndi yathu. Pakakhala posalala koma mkati muli timadontho ngati thukuta la pa chivundikiro cha poto, ndiye kuti labala wam'mbali watha, madzi akulowa. Imeneyo ungakweche mpaka msana kuthyoka, siichoka. Nyaliyo iyenera kumasulidwa, kuumitsidwa, n'kumatidwanso. "Mama, muzifunsa kaye chala," ankatero Che Jafali. Mafuta ophikira ndi mafuta a mabuleki, amene anyamata ena amapaka kuti ziwale msanga, analetseratu. Ophikirawo mawa lake aitana fumbi, a mabulekiwo amang'alula pulasitiki.

Ng'ala yakunja timaichotsa chonchi. Umamata tepi ya pepala kuzungulira nyali kuti usakande penti. Sandipepa umaviika m'ndowa, ndipo alipo atatu: wa 800, wa 1500, wa 3000. Manambalawo ndinawaloweza ngati ndime za kwaya, koma ine ndimawatcha wankhanza, wapakati ndi wofatsa. Dzanja lina botolo lamadzi loboola pachitsekero, dzanja lina pepala. Wankhanza ayende chopingasa, wapakati ayende chotsika, wofatsa apingasenso, osazunguliza ayi, osalola kuti paume ayi. Madzi amayamba kutsika achikasu, kenaka amatsika oyera ngati mkaka, apo ndiye kuti khungu lodwala lachoka. Koma tamverani apa. Pakati pa ntchito nyali imayera mbuu, kuposa mmene inabwerera, khungu lenileni la kusaona. Imadzapenya pomaliza, ukapaka polishi ndi nsalu yofewa, n'kupopera kiliya woteteza ku dzuwa. Ndiye pa nthawi yoyera mbuuyo ine ndinkaiimbira, kuti dzanja lisataye mayendedwe: tsegula maso mwanawe, ulendo ndi wautali, tsegula maso uone njira.

Tsiku lovutalo linali Lachisanu, mwezi wa Juni, kuzizira kwa Mzuzu kolowa m'mafupa, mawawa osaleka. Chakumasana kunabwera minibasi yodzaza amayi a mipango kumutu, maso otupa. Dalaivala wake, a Mhango, anali kasitomala wathu. Anandikokera pambali n'kundiuza kuti mnyamata wa ku Msongwe wamwalira mwadzidzidzi, anangoti mutu, mutu, kutacha wapita. Akukamuika kwawo ku Mzimba, ndipo adutsa pa Chikangawa chakumadzulo, pamene nkhungu imatseka msewu ndipo malole a matabwa amangotulukira pamphuno. Nyali zake anati sizikuona kanthu. Ndinayendetsa chala, zonse ziwiri zokhakhala, mkati mouma. Ndinati izi ndi zathu.

A Mhango anakwera kabaza kupita ku mochale kukalongosola za bokosi. Che Jafali ndi anyamata ake anavala zisoti kupita ku mzikiti. Anamfedwa anatsika n'kukhala pa mabenchi m'shedi, kumbuyo kwanga. Ndinatsala ndekha ndi ndowa yanga.

Ndinadziuza kuti lero pakamwa patsekedwe, pali maliro. Ndinamata tepi, ndinatenga wankhanza, chopingasa, chopingasa. Koma nyimbo ya ntchito siipempha chilolezo. Inayambira m'mphuno, inatsikira pa lilime, ine osadziwa. Chimene ndinamva ndi bata. Kusisima kwa amayi kuja kunali kutaleka.

Nditacheuka ndinapeza bambo wa jekete lakuda ataima pafupi, malume a malemu, amene onse ankawatchula kuti asibweni. Anandifunsa motsitsa mawu kuti mwana amene ndikumuuza kuti atsegule maso ndi ndani. Ndisanayankhe anayang'ana nyali ija, ili mbuu ngati diso la nsomba yophika. "Galimoto iyi yabwera ikuona," anatero.

Ndinafotokoza kuti ntchito ili pakati, kuti zimayamba zatero. Pofuna kuwatsimikizira ndinathira madzi pa nyalipo, poti pulasitiki yokwecha ikanyowa imaoneka mbee kwa kanthawi. Inapenyadi. Nditapukuta ndi nsalu, khungu linabwerera. Mayi wina anagwira pakamwa. Kwa iwo ndinali nditaonetsa kuti kupenya ndi khungu zili m'manja mwanga, ndikafuna nditsegula, ndikafuna nditseka.

Liwu lija linayambira kumapeto kwa benchi, m'Chitumbuka, chonong'ona: fwiti, kwathu timati mfiti. Linayenda pakamwa ndi pakamwa ngati moto wa m'udzu wouma. Asibweni anakweza mawu tsopano, akuuza anthu a mumsewu kuti mwana anali wabwinobwino, alipo wamutenga kuti akamugwirire ntchito ngati ndondocha, ndipo taonani, gogo uyu akumudzutsa masana ano, akuti ulendo ndi wautali, wachititsanso khungu galimoto kuti mtembo usakafike kwawo. Akabaza anaimika njinga. Amayi a tomato anasiya tomato. Wina anakweza foni kujambula. Winanso analoza nkhope yanga, akuti taonani disolo, limodzi likung'anima. Linali diso langa la opaleshoni, diso la chimwemwe changa, lija ndinavinira ku tchalitchi.

Ndinaona bambo wina akuwerama n'kusolola chidutswa cha njerwa chimene timatsekera tayala.

Zimene zimachitikira agogo akatchulidwa liwu limenelo ndinkazimva pa wailesi ndikusenda mbatata. Sindinkadziwa kuti zimabwera chonchi, mwakachetechete, anthu akungosendera phazi limodzi limodzi. Kuthawa, mawondo anga ndi a nyamakazi, komanso wothawa ndiye wavomera. Chimkuzamawu cha ku mzikiti chinkamveka patali, ulaliki usanathe, Che Jafali ali chogwada, osadziwa kanthu. Ndinaganiza za zidzukulu zanga, kuti akamva bwanji kusukulu kuti agogo awo anafera pa ndowa.

Pamenepo anaimirira mayi amene chibwerere sanayankhule, wowonda, atamangidwa chitenje m'mimba, anzake atamugwira mikono. Anali mayi wa mnyamatayo. Anthu anamupatsa njira. Anafika pafupi mpaka ndinamva mpweya wake, n'kundifunsa kuti ndimaimbira ndani.

"Ndimaimbira nyaliyi, amama. Mwana wanu sindimudziwa ngakhale dzina." Ndinamupatsa botolo lija m'manja. "Gwirani, muzithira ndinu. Mukaona china chosakhala madzi ndi pepala, njerwayo aponye."

Anayang'ana botolo, analinunkhiza, anathira pang'ono pa dzanja lake. Kenaka anagwada pambali panga pa simenti yonyowa.

Ndinatenga wapakati, chotsika, chotsika, iye akuthira. Ndinatenga wofatsa, chopingasa, chopingasa, iye akuthira. Kunkangomveka pepala, shwe, shwe, ndi mawawa pa malata. Ntchito imeneyi siifuna liwiro, ukathamanga mizere imatsala, ndipo mtima unkati thamanga, dzanja n'kumati ayi. Khungu linayamba kupepuka, kukhala ngati nkhungu ya m'mawa, koma linali khungu ndithu, ndipo ndinamva wina kumbuyo akuti akutinamiza uyu. Ndinapukuta, ndinafinyira polishi pa nsalu, koma sindinapake ine. Nsalu ndinamupatsa mayiyo, dzanja langa pamwamba pa lake, kumuonetsa mphamvu yake, kenaka ndinachotsa langa.

Anapukuta. Anapukuta ngati akusambitsa mwana kumaso. Pansi pa nsalu panatseguka kabowo kowala, kanakula, babu linaoneka mkati, chitsulo chonyezimira chinaoneka, kenaka nkhope yake yomwe. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Misozi inatsika, koma dzanja silinaleke mpaka m'makona monse.

"Ankaopa mdima chiyambire ali khanda," anatero, osayang'ana munthu. "Konzani inayo, asayende mumdima. Koma nyimbo ija ayi."

Njerwa inabwerera pansi pa tayala, sindinaone anaibweza ndani. Akabaza anakumbukira kuti ali ndi ntchito. Asibweni sanapepese, anangotuluka kukaima pa mawawa, nkhope atalozetsa ku msewu. Nyali yachiwiri ndinaikonza chete, koyamba m'moyo wanga kugwira ntchito pakamwa potseka, ndipo itayera mbuu palibe anadzuma. Ndinapopera kiliya zonse ziwiri, tinadikira kuti ziume m'shedimo, a Mhango anabwera, ananyamuka.

Che Jafali atabwera n'kumva nkhani, anakhala pa ndowa yovundikira, ndevu m'manja. Kenaka anatenga nyali yakale ija ndinaphunzirirapo, anati ndiigawe patatu: mbali ina ndiisiye yachikasu, pakati ndikweche iyere mbuu, mbali yotsala ndiimalize iwale. Anaikhomera pa nsanamira ya shedi, ndipo ilipo mpaka lero. A Mhango atabwerako anati pa Chikangawa nkhungu inali yoti sungaone dzanja lako, koma malole ankawaona, mzere wa msewu ankauona, mwana anafika kwawo. Anati yewo chomene, agogo. Ine ndinavina pomwepo, ndi nyamakazi yanga yomwe, ndinavina kuti ndili moyo.

Chimene ndinatolapo ndi ichi. Sindikhudza nyali ndisanaonetse ya pa nsanamira ija, osati kwa dalaivala yekha, koma kwa aliyense wakhala pa benchi, ngakhale wongobisala mvula. Ndimati ibwera chonchi, idzera apa poyera, ikathera apa. Munthu akaona khungu asanauzidwe, amafuna wolichititsa, ndipo wapafupi amakhala gogo wa mutu woyera.

Kuimba ndimaimbabe, ee, ndingaleke bwanji, maso awiri ndili nawo, manja ndili nawo. Ndimaimba za kwaya, ndimaimba za kumunda, nyali zimapenya bwinobwino. Mayi uja amadutsa nthawi zina popita kumsika, ndimati monile amama, amati yewo, amaima pang'ono kuyang'ana dzanja langa, n'kumapita. Koma ya mwanawe ija sindinaiimbenso. Inakwera minibasi tsiku lomwelo, inapita ku Mzimba.