Malo obwereka a Geresomo

Geresomo Alufandika anabadwira kudambo kwa Nyachikadza, ndipo mpaka kumera imvi sanapemphepo malo kwa munthu. Dimba lake linkabereka chimanga kawiri pachaka, mbatata ndi nyemba osanena, milamba ankangoikola kuseri kwa nyumba. Madzi akasefukira, iye ndi mkazi wake Esinala ankakwera pachulu, akaphwa n'kutsika. Koma madzi a namondwe Freddy anamiza ndi chulu chomwe. Awiriwo anapulumukira mumtengo wa mango, ndipo amene anawatsitsamo anali mayi Priska, wogulitsa nsomba zouma, yemwe anachonderera eni boti la injini mpaka analola kulowa kudambo.

Kumtunda anawalandira a Lorenso, mwini ng'ombe ndi chigayo. Anawalozera tchire lawo, iwo ndi mabanja ena akudambo. "Mangani apa, ndife amodzi," anatero. Geresomo anawomba m'manja nathokoza m'Chisena kuti, "Takhuta." Anamanga kanyumba ka bango. Njerwa sanaumbe, chifukwa pamalo obwereka munthu saumba njerwa.

Chisankho cha makhansala chitayandikira, zinamveka kuti a Lorenso aima. Mayi Priska nawonso anaima, paokha, opanda chipani. Ankayenda pa kabaza n'kumauza anthu kuti wodi yawo ikufunika boti lokhazikika lotengera odwala ndi azimayi oyembekezera. Geresomo akawamva, mtima unkamuuza kuti munthu ndi ameneyu.

Masana ena a Lorenso anafika, anakhala pamtondo wogubuduza, nafunsa za thanzi la Esinala. Potsanzika anati, "Inu akudambo mumavotera pasukulu ija nokhanokha. Akawerenga ndidzadziwa ngati ndinasunga abale kapena alendo." Ananena akumwetulira.

Atachoka, Esinala anati, "M'kachipinda kovotera muja mudzakhala nokha. Adzakuonani ndani?"

"Sadzaona ine, adzaona tonse," anayankha Geresomo. "Akatichotsa pano tilowera kuti? Kudambo boma likuti tisagonenso."

"Ndiye tiiwale amene anatitsitsa mumtengo?"

Geresomo anatenga khasu n'kukapalira pomwe anali atapalira kale.

Tsiku lovota anaima nthawi yaitali pepala lili m'manja. Nkhope ya mayi Priska inali m'munsi, chithunzi chosaoneka bwino. Anachonga pa a Lorenso, napinda pepalalo msanga ngati likumutentha.

A Lorenso anapambana. Komabe pasukulu paja panapezeka mavoti angapo a mayi Priska, ndipo khansala watsopanoyo anayamba kufunsa mwachinunu kuti anali a yani. Anthu amene anathawira limodzi madzi anayamba kulondana. Kuchitsime nkhani inkatha Esinala akafika. Geresomo sanamufunse mkazi wake kumene anachonga, poopa kuti akadziwa, nkhope yake idzaulula.

Pamsika wa ku Nsanje anakumana ndi mayi Priska atayala nsomba zawo. Mayiwo anamulonjera ndi manja awiri, ndipo atagula anamuwonjezera nsomba yapamwamba yoti akapatse Esinala. Iye analandira ndi dzanja lamanja, lamanzere atalibisa m'thumba, chifukwa inki ya tsiku lovota inali isanafufutike pachala.

Lero Geresomo amapalasa bwato m'mawa kupita kudimba lake lakale, kumene nthaka ikadali yake koma kugonako n'koletsedwa. Dzuwa likapendeka amabwerera kumtunda. Akamva galimoto ya khansala ikudutsa, amaimirira n'kuvula chipewa, ngakhale magalasi ake atatseka.