Ana a Mphongo Imene Anandilanda

Amuna anga atamwalira, akulu awo sanadikire n'komwe kuti maluwa a pamanda afote. Kwathu kuno ku Chiradzulu mwamuna amakhala kwa mkazi, ndipo abale ake akabwera kudzasudzula safuna kubwerera chimanjamanja. Ndinkaganiza kuti atenga njinga kapena jekete. Alamu angawo anabwera ndi chingwe, n'kulunjika kukhola.

M'kholamo munali nkhosa zazikazi zisanu ndi mphongo imodzi ya mtundu wa Dopa, ya mutu wakuda bii, thupi loyera, msana wotakata ngati benchi la kutchalitchi. Tinaigula ili kamwana titagulitsa nandolo wa m'munda wa amayi anga, ndipo amene ankaidulira udzu ndi kuisakanizira madeya ndi mchere ndinali ine.

"Iyi ndi ya m'bale wanga," anatero alamu. "Inu zazikazizi zikukwanirani. Zikafuna mphongo muzibwera nazo kwathu ngati wina aliyense."

Ndinapitadi kamodzi, ulendo wa ola lathunthu, ndikukoka nkhosa ziwiri padzuwa. Anandisiya chiimire pabwalo, kenako anatuma akazi awo kudzandiuza kuti mphongo yatopa. Pobwerera sindinalire. Njira yonse ndinkangoganiza mmene ndidzawabwezere.

Patatha miyezi ingapo, kunabwera mayi wina, mlangizi wa ziweto, kudzamwetsa nkhosa mankhwala a njoka zam'mimba. Atafunsa za mphongo ndinamufotokozera zonse. Iye anandikumbutsa kuti amuna anga asanadwale, kunabwera madokotala a ziweto amene ankayenda m'midzi ya kufupi ndi Mikolongwe kutenga umuna wa mphongo zabwino. Ndinakumbukira. Tsiku limenelo ndinathawira m'nyumba chifukwa cha manyazi.

"Umuna ujatu ulipo, mayi," anatero. "Amauika m'timachubu tating'ono, n'kutimiza m'chigubu cha madzi ozizira koopsa. Umakhala zaka osaonongeka. Koma ndisakunamizeni, pa nkhosa sizigwira kawirikawiri ngati pa ng'ombe."

"Ngakhale itagwira imodzi," ndinatero. "Koma musauze munthu."

Vuto linali kudziwa tsiku limene nkhosa ikufuna mphongo, chifukwa nkhosa siionetsa ngati mbuzi. Ndinabwereka kamphongo kachikuda kwa mnansi, n'kukamanga saka kumimba ngati thewera kuti kasakwere kwenikweni. Nkhosa imene kaithamangitsa, iyo n'kuima osathawa, ndinkaipaka makala pamsana n'kuimbira mlangizi. Ankabwera panjinga yamoto, chigubu atachimanga kumbuyo. Akatsegula pankatuluka utsi woyera. Kachubu ankakasungunula m'madzi ofunda, ine n'kunyamula miyendo yakumbuyo ya nkhosa, iye n'kulowetsa ndi kachitsulo kakatali, akuunikira ndi tochi. Manyazi aja anali atatha. Ndinkagwira miyendoyo ndikuona nkhope ya alamu m'maganizo.

Pa zisanuzo zinagwira ziwiri. Patatha miyezi isanu, ina inabereka kamsoti, ina mapasa amphongo. Onse atatu mitu yakuda bii.

Nkhani inafika kwa alamu sabata isanathe. Anayamba kuuza anthu kumsika ndi kutchalitchi kuti ndinkaba mphongo yawo iwo ali kumunda. Mwana wanga wamkazi anandipempha kuti ndingowauza zoona nkhani ithe. Ndinakana. Ndinafuna kuti alankhule mpaka aliyense amve.

Anadzadzikola okha tsiku la msonkhano wa kalabu ya alimi a ziweto, pansi pa mtengo wa mango pasukulu. Anaimirira, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti ana atatuwo ndi awo, popeza mayi wamasiyeyu ndi wakuba. Ndinawasiya amalize. Kenako ndinafunsa mwaulemu:

"Alamu, ola lathunthu kupita, ola lathunthu kubwera, ndikukoka chinkhosa chimene chija masana, palibe ndi mmodzi yemwe anandiona?"

Pamenepo mlangizi anaimirira n'kufotokoza za timachubu tija, ndi kuti malemuwo ndi amene anavomera kuti umuna usungidwe, iwo ndi ine, eni ake a mphongoyo. Anthu anayamba kuseka, poyamba chamumtima, kenako osabisa. Bambo wina wachikulire anati, "Ndiye inu munatenga nkhosa, mbewu n'kuisiya m'botolo." Alamu anavala chipewa n'kuchoka msonkhano usanathe.

Sindinakhutire. Timphongo tiwiri tija ndinatidyetsa kuposa mmene ndinkadzidyetsera ndekha. Titakula, ndinalengeza kukalabu kuti aliyense wofuna kukweretsa nkhosa zake abwere kwanga, asatenge nkhuku kapena chimanga monga ankachitira kwa alamu, angobwera ndi mtolo wa udzu. Njira yopita kwawo inamera tchire.

Chaka chotsatira mphongo yawo inafa. Ataitumbula anapeza m'mimba mwadzaza majumbo, chifukwa ankangoisiya kuti izidya kudzala. Ndinailira nkhosayo, koma eni ake atsopanowo sindinawamvere chisoni.

M'mawa wina anafika pakhomo panga atayenda wapansi. Ndinawapatsa mpando ndi madzi akumwa. Anafunsa za ana, za mvula, za denga, kenako anafika pa chimene anadzera.

"Mlamu, zakale zinapita. Nkhosa zanga zilibe mphongo. Mundibwereke imodzi sabata ziwiri zokha."

Nthawi yomweyo mnansi wanga ankatulutsa imodzi m'khola kupita nayo kwake. Ndinadikira kuti idutse pamaso pawo.

"Ayi, alamu," ndinatero.

"Chifukwa?"

"Mukuchidziwa."

Anaimirira n'kutsanzika. Mwana wanga ananena kuti ndaonjeza, ndipo amayi a m'bungwe lathu la kutchalitchi anabwera kawiri kudzandilankhula za kukhululuka. Ndinawamvetsera, ndinawaphikira tiyi, koma kukhola sindinasinthe mawu. Ndinauzanso onse obwereka kuti amene adzapititse mphongo yanga kwa alamu asadzabwerenso.

Mvula isanagwe chaka chimenecho, alamu anagulitsa nkhosa zawo zonse kwa ogula nyama a ku Limbe. Ziwiri zimene zinali zabwinoko ndinatuma mnansi kukazigula asanazikweze galimoto, ndipo pano zili m'khola mwanga, zonse ndi bere.