Manja a Bambo Pettway

A Cleophus Pettway anafika ku Detroit ali mnyamata, kuchokera kuminda ya thonje ya ku Alabama, atavala jekete lobwereka, manja ali okakala ngati khungwa la mtengo. Anagwira ntchito kufakitale ya magalimoto mpaka msana unapindika. Anakwatira, analera ana, anaika makolo awo m'manda. Koma mukawafunsa chimene anachita pamoyo wawo, zonsezi sazitchula. Amangokweza manja awiri m'mwamba.

Nkhani yake inayamba m'nyengo yachisanu, m'zaka za m'ma 1960. Tsiku lina ankachotsa chipale chofewa ndi fosholo pakhomo pa nyumba ina. M'chipinda chapansi pa nyumbayo kakampani kena kankajambuliramo nyimbo, ndipo tsikulo munali atsikana atatu otchedwa a Junebelles. Panasowa anthu owomba m'manja. Masiku amenewo ankangotola aliyense wopezeka pafupi, kaya wokonza mawaya, kaya wodutsa mumsewu. Anatola a Pettway. Nyimboyo, ya mtsikana wokana kubwerera kwa mwamuna wabodza, inalira pawailesi nyengo yonse yotentha. Kenako kampaniyo inafa, atsikanawo anabalalika. A Pettway okha ndi amene mtima wawo sunatulukenso m'chipinda chija.

Manjawo amawadzola mafuta m'mawa ndi madzulo. Amawaveka magolovesi ngakhale mu Julayi, dzuwa likufewetsa phula mumsewu. Mphika sanautsukepo chikwatirire.

"Anzanga anakwatiwa ndi amuna," amatero akazi awo, a Odessa. "Ine ndinakwatiwa ndi zikhatho."

Loweruka lililonse a Pettway amakakhala pampando wa pawindo kwa Hosea wometa tsitsi, ngakhale kuti mutu wawo ulibe chometa. Pamenepo amaphunzitsa osafunsidwa. Amanena gulu limene linajambulira m'galaja, limene linasintha woimba wotsogolera mwakachetechete, chimbale chimene chinali ndi nyimbo yabwino kuseri kuposa kumaso. Amafotokozanso kuti woimba wa a Junebelles anasasa mawu kumapeto kwa nyimbo ija chifukwa ankalira chikondi chenicheni. Zambiri amazidziwadi. Kungoti njira iliyonse imakathera pa manja awo.

"Madala, dzina lanu lili pati pachimbalepo?" Hosea anawafunsa tsiku lina, lumo lili m'manja.

"Owomba m'manja salembedwa, iwe."

"Oho. Ndiye kuti inenso ndinaliza ng'oma pamenepo. Sanandilembe basi."

"Unali usanabadwe, chitsiru."

"Ndinkaliza ndili m'mimba, madala."

Chaka chino, chipale chitasungunuka, mitengo ya mumsewu itayamba kuphukira, mpingo wawo unaitana mayi Vernetta Oakes kudzaimba paphwando la nsomba yokazinga. Mwa atsikana atatu aja, anatsala ndi moyo ndi iwo okha.

"Mulungu watiyankha," anatero Hosea. "Tikafunsa mwini nyimbo. Akakukanani, mpando wa pawindowo muusiye, ndipo za zimbale musadzazitchulenso muno."

A Pettway anavomera mokweza, anthu onse akumva. Koma sabata imeneyo anayamba kudzikayikira. Munthu akafotokoza nkhani imodzi kwa moyo wonse, amafika posadziwa ngati anaiona kapena anailota.

Tsikulo linafika, mphepo ikadali yozizira pang'ono. Holo ya mpingo inadzaza fungo la nsomba ndi mkate wa chimanga. Mayi Oakes anali atakhala pakona, kamunthu kakang'ono kovala wigi, ndodo pambali, chikwama chachikulu pamiyendo. A Pettway anawayandikira, Hosea ali pambuyo. Anavula magolovesi pang'onopang'ono ngati akuvundukula chiliza.

"Mayi, manja awa mukuwakumbukira?"

Mayiwo anayang'ana manjawo, kenako mwini wake. "Bambo, ine ndinapatsana moni ndi theka la dziko lino."

Hosea anatsokomola.

"Kunali chipale," a Pettway anatero. "Ndinalowa ndi fosholo. Munkanditchula kuti Alabama."

Mayi Oakes anasiya kutafuna. "Fosholo? Jekete lobiriwira, lalikulu ngati la malemu?"

"Eya, mayi! Lomwelo!"

"Ambuye ndi abwino," anatero mayiwo. "Wina aike chimbalecho."

A Pettway anali atabwera nacho, chokutidwa m'thaulo. Nyimbo inayamba, holo yonse inakhala chete. Mayi Oakes anakweza chala.

"Tamverani bwino, abale. Onse pamodzi, pha! Kenako mmodzi payekha, phwa. Mwamva? Ayambenso. Pha! Phwa."

Anthu anamva. Kuwomba kumodzi kunkatsalira m'mbuyo nthawi zonse, ngati dontho logwa kuchokera padenga mvula itakata kale. Nyimbo imene anaivina paukwati ndi pamaphwando, sanaimvepo chotero, ndipo sadzaimvanso mwa njira ina.

"Ndi bambo awa," anatero mayi Oakes. "Tinabwereza, tinabwereza, mpaka mawu anga anasasa. Nchifukwa chake kumapetoko ndimamveka ngati wachimfine. Mwini situdiyo anati tepi yatha, ituluke momwemo."

"Si chikondi chimene munkalira, mayi?" Hosea anafunsa mwaulemu wonyenga.

"Chikondi cha chiyani, mwanawe? Ndinkalira fosholo. Anzanga awiri aja anapita kumanda akuwatukwana bambowa. Ine ndinalumbira kuti sindifa ndisanawaone."

Holo inaphulika ndi kuseka. Hosea anaseka mpaka kugwira tebulo. A Odessa anaphimba nkhope ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. A Pettway anaima chilili, maso ali ndi misozi. Kenako anatembenukira kwa Hosea.

"Wamva, iwe? Ndilimo."

Hosea anapukuta m'maso. Pokanira panalibe. "Mulimo ndithu, madala. Ngati mwala mumpunga."

Nthawi yoimba itakwana, mayi Oakes anaimirira ndi ndodo yawo, napempha mpingo wonse kuti uwombe m'manja. A Pettway anali atatambasula kale zikhatho.

"Ayi, Alabama," anatero mayiwo. Anawapatsa chikwama chija. "Gwirani ichi, manja onse awiri. Mukangochisiya, ine ndisiya kuimba."

A Pettway anakhala pabenchi lakutsogolo atakumbatira chikwama ngati khanda. Mawu a mayi Oakes anali atachepa, koma ankadziwabe njira yawo. Pambali pa amuna awo, a Odessa ankawomba m'manja bwinobwino, osaphonya ndi kamodzi komwe. Pansi pa benchi, nsapato ya a Pettway inkagunda simenti, ikutsalira m'mbuyo.

Tsopano kwatentha, masamba akhwima, ana akusewera ndi madzi mumsewu. Mpando wa pawindo ukadali wa a Pettway, magolovesi ali m'manja. Nkhani yawonso yakula. Aliyense wolowa kudzametetsa amauzidwa kuti mayi Vernetta Oakes anawafunafuna kwa moyo wawo wonse, ndipo atawapeza, mumpingo wonse uja, chikwama chawo anasungitsa iwo okha.