Tsiku Limene Ndinakapereka Chilolezo pa Boma

Akazi anga analemba kabuku konena kuti malo a mkazi ndi pakhomo. Kuti kabukuko kagulidwe, anazungulira Chiradzulu yense chilimwe chathunthu, ine ndili pakhomo.

Ndine mkamwini kwa Mauwa. Munda ndi wawo, mbuzi ndi zawo, ngakhale mtengo wa mapeyala umene ndimausa pansi pake anadzala ndi malemu apongozi anga. Koma pa misonkhano ya chipani chawo amaima n'kunena kuti mwamuna ndiye mutu wa banja, ndipo dziko likuwonongeka ndi mathalauzi a atsikana ndi mafoni. Sachita chiphamaso, amakhulupiriradi. M'mawa uliwonse amalemba pa tebulo la makina osokera, ndipo nthawi imeneyo sitiyenera kutsokomola. Akamachoka amandisiyira kapepala ka ntchito za tsikulo, chifukwa amati mawu a pakamwa amauluka.

Tsiku lina mayi wina wa chipani chotsutsana nawo anawafunsa pakati pa msika kuti, "Ngati mkazi ayenera kukhala pakhomo, nanga inu mukupezeka bwanji paliponse ngati minibasi?" Anafika kunyumba mpango utapendekeka ndi ukali.

"Bambo, Loweruka mupita nane pa Boma. Mukawauze anthu kuti mumandipatsa chilolezo."

"Kodi ndimakupatsani?"

"Mumandipatsa. Mawu ake ndakulemberani kale."

Loweruka ndinavala jekete yanga ya ku tchalitchi, pepalalo ndinaika m'thumba la malaya, tinakwera kabaza aliyense wake. Anthu anali ambiri ndithu: amayi a mvano, amayi achisilamu, ndi azibambo amene anabwera kudzamva zowakomera. Akazi anga atalankhula kwa ola lathunthu anandiitana kutsogolo, ndipo pondipatsa maikolofoni anagwada mpaka pansi. Chikwatirane chathu ndinali ndisanawaonepo pamwamba pa mutu. Nthungululu zinamveka mpaka ku chipatala.

Ine ndinalandira maikolofoni. Ndinapisa m'thumba, ndinatulutsa pepala, n'kuyamba kuwerenga osamva zimene pakamwa panga pankanena. M'thumbamo munalinso kapepala ka ntchito za dzulo lake, ndipo ndi kamene ndinagwira.

"Choyamba, musaiwale kumasula mbuzi."

Anthu anangoti zii, poganiza kuti ndi mwambi. Mkulu wina wa kapa yoyera pa mzere wakutsogolo anagwedeza mutu, nati, "Zoona."

"Chachiwiri, nandolo ali pa mkeka, muzipirikitsa nkhuku. Chachitatu, mapitikoti anga muyanike kuseri kwa nyumba, osati kumsewu ngati tsiku lija."

Pamenepo ndi pamene makutu anga anatseguka. Mayi wina anagwa pa benchi ndi phwete. Wapampando wa msonkhano anadziphimba kumaso ndi chipewa, mapewa akugwedera. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Akazi anga anadzuka, anasasa fumbi m'mawondo, natenga maikolofoni mwaulemu wonse.

"Mwamva, amayi? Mutu weniweni umadziwa zonse za m'nyumba mwake. Wanuwo akudziwa kumene mbuzi zagona?"

Anthu anaomba m'manja kuposa poyamba paja. Timabuku tonse timene tinabweretsa m'chikwama tinatha, ena mpaka kulimbirana. Ndili chiimire pambali, mkulu wa kapa yoyera uja anandiyandikira, nayang'ana uku ndi uku, nandinong'oneza: "Achimwene, inunso eti? Ine anga amanditumizira pa foni."

Pobwerera tinasowa kabaza, ndiye tinayenda wapansi. Akazi anga anali patsogolo, phee, ine m'mbuyo ndi chikwama chopanda kanthu, kudikira chiweruzo. Tinadutsa midzi iwiri. Titayandikira pa mjigo wa kwathu anaima, natembenuka, nandiyang'ana kuyambira ku nsapato.

"Bambo, mawu muli nawo abwino, amamveka patali. Koma mumathamanga. Mukafika pa mpumiro muzipuma."