Wenzulo ya a Kusumalatha

A Kusumalatha anasoka makolala a malaya zaka makumi awiri pafakitale ina mumzinda wa Kurunegala, mpaka maso anayamba kuchita chidima. Ntchito itatha, mlamu wawo anawapezera malo pakachisi wa paphiri, paja pali chiboliboli cha Buddha chotalika kuposa mitengo ya kokonati. Anakondwa, amvekere kumeneko ndiye akapeza mtendere.

Tsiku loyamba anangowapatsa wenzulo ndi mulu wa nsalu. Ntchito yawo inali kubwereketsa nsalu kwa alendo obwera mawondo ali pamtunda, ndi kuletsa anthu kujambulitsa atafulatira Buddha.

Ine ndimagulitsa maluwa a kakombo pachipata, ndiye ndinkawamva tsiku lonse.

"Achimwene, tembenukani! Kwanu mumawalozetsa nkhongo bambo anu?"

"Ndijambulitse kamodzi kokha, mayi."

"Kamodzi kanu ine ndakamva kambirimbiri lero!"

Akathana ndi uyu, basi ina yatsitsa kale anthu makumi asanu. Zaka zisanu ndi zinayi zinatha choncho, mawu mpaka kusasa, osakhalako pansi n'kupemphera olo tsiku limodzi.

Chaka chatha, pa tsiku la mwezi wathunthu, lomwe ndi lopatulika kwa otsatira Buddha, anapempha tchuthi. Anabwera atavala zoyera, nagula maluwa kwa ine.

"Lero sindikudziwa munthu," anandiuza. "Wina ngakhale ayime chadodolido, si zanga."

Anakwera masitepe, anayala maluwa, n'kukhala pansi. Koma atangoti atsinzine anaona banja lathunthu litandanda, misana kwa Buddha, mano onse panja. Bambo amene anawagwirira ntchito tsikulo, a Jinadasa, anali pamthunzi, maso pafoni. A Kusumalatha anatsinzina mwamphamvu. Kenaka anamva mayi wina akuti, "Tikweze mwanayu paphazi la Buddhapo, chioneke bwino."

Anadzambatuka. Anakalanda wenzulo m'khosi mwa a Jinadasa n'kuiliza mpaka nkhunda zonse kuuluka.

Madzulo anatsika, zoyera zija zili thukuta lokhalokha.

"Mwapemphera, akulu?" ndinawafunsa.

"Usandiyambe," anatero.

Mawa lake anakadandaula kwa mkulu wa amonke a pakachisipo kuti ulondawo wawakulira pawokha. Iye anangomwetulira, n'kuwauza kuti mkwiyo uli ngati khala lamoto m'manja.

"Ndamva, bambo. Nanga mlonda wachiwiri?"

Za mlondayo sanayankhidwe. Akadali pantchito mpaka pano, koma akafuna kupemphera amakwera basi kupita kukachisi wamng'ono wa kwawo kwa mayi awo, kumene kulibe mlendo amene amafikako.