Funso la Yotamu pa Basi ya ku Kabwata

Tinanyamuka ku Chelstone dzuwa lisanawawe, ine ndi azakhali anga a Esinati, kupita ku Kabwata kunyumba ya maliro. Mlongo wanga Yotamu tinali titamuika dzulo lake. Tsikuli linali la msonkhano wa banja, pomwe wamasiye amafotokoza mmene mwamuna wake wafera, achibale n'kuona ngati akhalebe m'nyumbamo. Azakhali anali atagamula kale tisanakwere n'komwe.

Kondakitala anatipanikiza anayi pampando wa atatu, n'kutilipiritsa makwacha khumi ndi asanu aliyense ngati takhala mwaufulu.

"Uja Mutinta ndiye anapaya mwana wathu," anatero azakhali, kunena mkazi wa Yotamu, basi italowa mu Great East Road. "Unaona ku manda? Sanalile olo pang'ono."

"Koma ba anti, tsiku loyamba munakamba ati alila maningi, ni vonamizila."

"Ee, ndiye kuchenjela kwake."

Mayi wina wonyamula thumba la impwa anatembenuka. "Bakazi ba masiku ano ni so chabe," anatero, chonsecho Mutinta sanamuonepo chibadwire.

Titafika pa yunivesite ndinayang'ana kumbali. Apa ndi pomwe Yotamu anaphunzira filosofi, ife kwathu tikumuseka kuti kodi imeneyo amadyera ndiwo yanji. Anangokhala mphunzitsi wa sekondale wa nsapato zakutha. Mukamatsutsana sankakweza mawu. Ankangofunsa kuti, "Utaona chiyani ungavomere kuti walakwa?" Ukati palibe, iye ankati ndiye kuti sukuganiza, ukungolondera zomwe unakonda kale. Funsolo linkandinyansa. Nayenso mwini wake silinamupulumutse: anasiya mapilisi a kuthamanga kwa magazi ati poti mutu sunkamupweteka, Mutinta n'kumachita kumugwadira kuti amwe. Zimenezi ndinaziona ndi maso anga. Ndinalira mwakachetechete mpaka m'tauni.

Tinatsika pa Kulima Tower cha m'ma 9 koloko. Ndinagula vitumbuwa viwiri, koma azakhali anangofumbata chawo m'pepala. Basi ya ku Kabwata inali makwacha khumi, ndipo inadikira kudzaza mpaka msana unatentha. Tili mu Burma Road ndinalimba mtima.

"Ba anti, Mutinta akambe chani lelo kuti mumukhulupilile?"

Anandiyang'ana ngati ndawaponda chala. Analizindikira funsolo, paja Yotamu analeredwa ndi iwo mayi athu atamwalira.

"Kulibe," anatero. "Manje nizakalipila ndani, Tamara? Nikalipile BP?"

Ndinawamvera chisoni kwambiri, chifukwa ndinaona kuti sankadana ndi Mutinta kwenikweni. Ankangofuna munthu wokhala ndi nkhope woti amulozere chala.

Pa nyumba ya maliro amuna anali panja pansi pa tenti, akazi m'kati pamphasa. Mutinta anakhala pakona, mwana wake atagona pamiyendo, ndipo pambali pake panali malo oti n'kukhala anthu atatu. Azakhali anapita kukhoma la achibale athu. Ine ndinavula nsapato n'kukhala pafupi ndi Mutinta.

"Ba mulamu, nilonge katundu?" anandinong'oneza.

"Osalonga. Nizakamba za mapilisi."

Msonkhano utayamba ndinakambadi, ena akung'ung'udza. Kenaka amalume athu, omwe ankatsogolera msonkhanowo, anapempha azakhali kuti anene mlandu womwe anakhala akuunena sabata yonse. Azakhali anayang'ana pansi nthawi yaitali, chitumbuwa chija chikadali m'manja.

"Nilibe mau," anatero.

Mutinta anakhalabe m'nyumba mwake. Filosofi ija sinamugulire Yotamu ngakhale nsapato, koma tsiku limenelo inasungira mkazi wake ndi mwana denga. Pobwerera ku Chelstone ndinkafunitsitsa kumuuza kuti funso lake lagwira ntchito, ndipo tikudutsa pa yunivesite ndinapezeka ndagwira foni m'manja.